Atsuke makapu ndani? Nkhani ya ofesi ina ya Amalawi ku Johannesburg

Ntchito yanga ndi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono pa nkhani za antchito: kulemba makontilakiti, kukonza malipiro, kukhala nawo pa milandu ya pantchito, ndipo zikavuta kuperekeza bwana kapena wantchito ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito ku South Africa. Ambiri mwa amene amandifuna ndi akwathu amene ali ndi timakampani kuno ku Joni. Nkhani iyi inachitika mu 2023, ndipo eni ake anandilola kuilemba bola ndisatchule mayina.

Ofesiyo ili kummwera kwa mzinda, cha ku Rosettenville. Amatumiza katundu kumudzi: mafiliji, matilesi, njinga, migolo ya zovala, zonse zimene munthu amasonkhanitsa akagwira ntchito chaka chathunthu. Lole imapakira Lachisanu, n'kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kukalowera pa Mwanza. Okhala pa ofesi tsiku ndi tsiku analipo 7: bwana mwini kampani, mlamu wawo woyang'anira magalimoto, mtsikana wa maakaunti, mayi wolandira makasitomala, anyamata awiri oyeza ndi kupakira katundu, ndi madala wosunga makiyi a mosungira katundu. Munthu wolembedwa ntchito yoyeretsa panalibe.

Bwana anandiimbira foni kumayambiriro kwa June. "Achimwene, bwerani mudzandilembere kalata yochenjeza mwana uyu, wandilowetsa m'mavuto." Ndalama za PAYE (msonkho wodula pa malipiro a antchito) ndi UIF (thumba lothandiza amene ntchito yawathera) zimayenera kufika ku SARS, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 7 mwezi uliwonse, ndipo ukachedwa amakulipitsa chindapusa cha 10 peresenti. Miyezi iwiri yotsatizana zinali zitachedwa, komanso malisiti ena a makasitomala sankagwirizana ndi za ku banki.

Ndinafika m'ma 10 koloko m'mawa, kukuzizira monga kumachitira mu June kuno. Bwana anali pa foni ndi dalaivala amene anakakamira pa boda, ndiye anandikhazika pampando woyang'anana ndi desiki ya mtsikana wa maakaunti, mwana amene ankanenayo. Pa mphindi 40 zimene ndinadikira, iye anadzuka kanayi. Koyamba anakandipangira tiyi ineyo, n'kundipatsa ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Ndinalandira n'kumwa osaganiza kalikonse, poti ndi mmene tinakulira. Kenaka mlamu anafuula ali panja kuti shuga watha. Kachitatu, mnyamata wina anafunsa kumene kunali mopu. Kachinayi anakaviika poto wa nsima ya dzulo amene anali atauma makoko pa sinki. Pobwera anapukuta manja pa siketi, anatenga lula imene anaika pa pepala la ku banki, n'kuyamba kufufuza mzere umene anasiyira. Sanaupeze. Anayambiranso pamwamba.

Ndinawapempha bwana kuti kalatayo tiyambe taisiya masabata awiri. Anavomera monyinyirika. Ndinawafotokozera kuti malamulo a zantchito kuno amafuna kuti munthu amene akulephera ntchito ayambe wafufuzidwa chimene chikumulepheretsa, apatsidwe malangizo ndi mpata wokonza, bwana asanaganize zomuchotsa. Iwo anati, "Koma ifetu ndi Amalawi tokhatokha pano." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndi amene amagwetsa mabwana akwathu ambiri. Malamulo a South Africa amateteza wantchito aliyense wogwira ntchito m'dziko muno. Ngakhale wobwera amene mapepala ake anatha, khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti ndi wantchito ndithu ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA.

Zimene ndinapeza

Njira yanga yoyamba inalephera. Ndinaika kope la sukulu m'kakhitchini kuti aliyense azilemba kantchito kamene wagwira ndi nthawi imene katenga. Patatha masiku 3, anyamata anali asanalembemo kanthu, ndipo mtsikanayo analemba mizere iwiri yokha. Nditamufunsa anati, "Zinazo si ntchito ayi achimwene, n'zongothandiza." Kwa anzanga amene mungadzayese zotere: munthu amene anazolowera kutumikira saona zimene akuchita, ndiye kumuuza kuti adziwerengere yekha n'kutaya nthawi. Ndinalitenga kopelo n'kukhala pa ofesiyo ndekha masiku 3 athunthu, ndikunamizira kukonza mafayilo a antchito, amenenso anali ofunikadi kukonzedwa.

Tintchito timene tinalibe mwini tinali tambiri kuposa mmene bwana ankaganizira. Kusesa ndi kukolopa m'mawa. Kuwiritsa madzi m'ketulo n'kuwathira m'fulasiki magetsi asanazime, chifukwa chaka chimenecho Eskom inkathimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Kudzaza zigubu madzi akabwera. Kuphika nsima masana, kugawa, kutsuka mbale ndi mapoto. Kutsuka chimbudzi. Kukumbukira kuti sopo, shuga ndi mapepala a m'chimbudzi zatsala pang'ono kutha, n'kuthamangira kushopu. Kupangira alendo tiyi. Kutolera ndalama za chipepeso wina akaferedwa kumudzi.

Pa masiku amene ndinawerengawo, mtsikana wa maakaunti ankataya pafupifupi maola awiri patsiku pa zimenezi. Mayi wolandira makasitomala ankataya ngati theka la nthawi imeneyo, makamaka pa tiyi wa alendo ndi kusesa. Sindikufuna kuwanamizira amunawo kuti ankangokhala. Anyamata ankaliza jenereta, kukagula petulo, kukankhira bini pageti tsiku lobwera galimoto yotenga zinyalala ya Pikitup, ndi kutsitsa chitseko chachitsulo madzulo. Kusiyana kwake kunali kwakuti zawozo zinali ndi nthawi yake, zinkaoneka, ndipo jenereta ikalira aliyense ankati "mwatithandiza achimwene". Za mtsikanayo zinkamudula pakati pa masamu kangapo pa ola, ndipo zikachitika bwino palibe ankadziwa kuti zachitika.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali cha masana. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati munthu akagwira ntchito maola 5 otsatizana apume ola lathunthu, kapena mphindi 30 ngati anagwirizana molemba, ndipo ngati akumugwiritsa ntchito pa nthawi yopumayo alipidwe. Iye ola lakelo linkathera pa mthiko ndi chipande. Ankadya pomaliza, ataimirira, foni ya ofesi ili pakhutu, chifukwa mayi wolandira makasitomala anali atapita kukapuma.

Funso lenileni linali lakuti zinafika bwanji pamenepa, poti palibe anamuuzapo kuti ntchito zimenezi ndi zake. M'kontilakiti yake munalembedwa za maakaunti zokha. Ndinacheza ndi aliyense payekha, ndipo apa m'pamene nkhani inatambasuka. Mtsikanayo anabwera ku Joni kudzera mwa mayi a kunyumba kwa bwana, a mudzi umodzi ku Ntcheu ndiponso a mpingo umodzi. Ndiwo anamulipirira basi, ndipo miyezi yoyamba ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Bwana ankawaitana kuti "bambo", iwo ankamuti "mwana wanga". Kunyumba ankatsuka mbale monga mwana aliyense, ndipo atayamba ntchito mbalezo zinangomutsatira ku ofesi. Anandiuza kuti, "Ndingawauze bwanji anthu amene anandisunga kuti tsukani kapu yanu?"

Mlamu sanabise maganizo ake. "Ine nditsuke kapu ana ali pomwepo? Ndiye ulemu uli pati?" Koma amene ananditsegula m'maso ndi mmodzi wa anyamata opakira aja. Loweruka lililonse amagwira ganyu panyumba ina ku Randburg, kumene amatsuka mbale, kusita zovala ndi kukolopa. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji pa ofesi sagwira chinkhupule. Anaseka pang'ono n'kuti, "Kumene kuja amandilipira, komanso palibe wakwathu amandiona." Amuna akwathu ambiri kuno amadya za ntchito ya m'nyumba, ophika, osamalira maluwa, oyeretsa, ndipo amaitha bwino. Luso lotsuka analinalo onsewo. Chimene ankaopa n'choti kasitomala wa kwawo awapeze ali pa sinki, nkhani n'kukafika kumudzi limodzi ndi katundu.

Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso m'kafukufuku amene Linda Babcock ndi anzake anafalitsa ku America mu 2017. Anapeza kuti amuna ndi akazi akakhala gulu limodzi, akazi ndi amene amadzipereka kwambiri pa ntchito zosakweza munthu paudindo, ndiponso ndi amene amapemphedwa kwambiri. Amuna akawaika paokha, ankadzipereka mofanana ndi akazi ali paokha. Ndinawafotokozera bwana zimenezi kuti aone kuti aliyense amadikira amene akudziwa kuti pamapeto pake adzuka.

Zimene tinasankha, ndi kulephera koyamba

Bwana atamva zonse anasiya za kalata ija. Maganizo awo oyamba anali omuwonjezera mtsikanayo R300 pamwezi kuti tintchitoto tikhale take mwalamulo. Ankafuna kuchita zabwino, ndipo mtsikanayo atamva anatsala pang'ono kuvomera, chifukwa ankalipirira mng'ono wake sukulu kumudzi. Ine ndinakana kulemba zimenezo ndisanacheze naye payekha. Ndinamuwerengera maola: awiri patsiku, masiku oposa 20 pamwezi, ndiye kuti R300 ija sinkafika ngakhale theka la malipiro otsikitsitsa a boma, amene kuyambira March chaka chimenecho anali R25.42 pa ola. Ndinamufunsanso kuti akufuna kudzakhala ndani pakatha zaka 5. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinabwera ndi dipuloma yanga. Ndikufuna ndizidziwika ndi maakaunti." Kwa bwana ndinanena mosapita m'mbali kuti ndalamayo sikanachotsa vuto limene anandiitanira. Akanapitirizabe kudulidwa pakati pa ntchito, ndipo SARS ikanapitirizabe kuwalipitsa. Ndinawakumbutsanso kuti Employment Equity Act ya 1998 imaletsa kusankhana pantchito chifukwa choti wina ndi mkazi, ndipo kulemba papepala kuti akazi awiri okha ndiwo azitsuka kukanakhala kudzisungira umboni wodzipachika nawo.

Ndiye ndinachita zimene aliyense wa ife amachita. Ndinasindikiza ndandanda, dzina lililonse tsiku lake, n'kuimata pa filiji. Dzina la bwana sindinaliikepo, poganiza kuti ndi otanganidwa. Kumeneko kunali kulakwitsa kwanga kwakukulu pa nkhani yonseyi.

Sinathe masabata awiri. Tsiku la mlamu likafika, ankamugulira mnyamata wamng'ono mayunitsi a foni kuti amugwirire. Tsiku la anyamata likagwera Lachisanu, anali pa lole mpaka mdima, ndipo sinali nkhani yozemba ayi, analidi otanganidwa. Makapu ankaunjikana, mtsikanayo ankawayang'ana mpaka masana, kenaka ankadzuka n'kukatsuka. Tsiku lina mnyamata wa ganyu ya ku Randburg uja anayesa kupereka tiyi kwa makasitomala, mmodzi wa iwo n'kumufunsa mwanthabwala ngati analembedwa ntchito ya utsikana. Kuyambira pamenepo sanayandikirenso ketulo. Ndandanda yanga inagawa masiku mofanana, koma manyazi onse inawasiya pamene anali, ndipo inasonyezanso poyera kuti wamkulu weniweni sagwira.

Tsiku limene zinatembenuka

Pa 7 August madzi anali atasiya kutuluka kwa masiku awiri. Zigubu zinali mbee, chimbudzi chinali chitayamba kununkha mpaka kolandirira makasitomala. Linali tsiku lomaliza lolipira ku SARS, ndipo ndinali nditamuuza mtsikanayo kuti pa tsiku ngati limenelo asadzuke pa desiki ngakhale kutagwa chiyani. Ine ndinalipo, chifukwa ndinabwera kudzaona ngati zipite pa nthawi yake. Bwana analowa ndi kasitomala wamkulu, anamva fungo, n'kufuula dzina la mtsikanayo. Iye anayankha maso ali pa kompyuta, mawu akunjenjemera, "Bambo, ndikumaliza za msonkho. Lero si tsiku langa." Mu ofesi munangoti zii.

Amene anayankhula ndi madala wa makiyi uja, munthu wa zaka zoposa 60 amene nthawi yonseyi sankathirira ndemanga. Anatenga zigubu ziwiri n'kuima pakhomo. Anati iye anabwera koyamba kuno ali mnyamata, nthawi ya Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kulemba Amalawi kusanathe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'komboni ya mgodi munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Amuna ankachapa okha, kusesa okha, ndipo chipinda chilichonse chinkasankha munthu wake wotchedwa sibonda, amene ankagawa kuti lero asesa ndani, mawa ndani. "Tinali amuna enieni, okumba pansi pa nthaka, ndipo palibe ankachita manyazi ndi tsache. Inu bwana, mwana uyu makolo ake anakupatsani kuti mumusunge. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika." Atatero anatuluka kukafuna madzi.

Bwana anaima kanthawi, kenaka anapepesa kwa kasitomala, anatenga zigubu zotsalazo n'kutsatira madala pa galimoto yawo. Atabwera anathira okha madzi m'chimbudzi, malaya atapinda m'mikono, anyamata akuonerera. Msonkho unapita isanakwane 3 koloko.

Sindinganene kuti zimenezi ndinazikonza ndine. Chimene ndinachita n'kusalola kuti tsikulo lingodutsa. Mawa lake ndinapempha kuti tikhale pansi tonse, ndipo ndinapempha madala kuti atsogolere zokambirana, ine ndizingolemba. Mawu amene ine wa mapepala ndikanawanena akanamveka ngati malamulo achilendo. Ochokera pakamwa pa munthu wa imvi, wodziwa mgodi, anawalandira ngati mwambo wathu womwe.

Tinagwirizana izi. Aliyense akhale ndi kapu ndi mbale yake, yolembedwa chizindikiro ndi penti ya zikhadabo, ndipo wadya atsuke yekha. Kuphika kunachoka pa ntchito za ofesi: anayamba kusonkha ndalama n'kumagula nsima kwa mayi wina wakwathu amene amaphika pafupi pomwepo. Chimbudzi ndi kukolopa tinazichotsa pa ndandanda, chifukwa ndinaona kuti pamenepo tikangana mpaka kalekale. Bwana analemba mayi wina woyeretsa kawiri pa sabata. Ndinawachenjeza kuti lamulo limati munthu akabwera kuntchito, ngakhale agwire maola awiri okha, alipidwe a maola 4, ndipo kuti amulembere kontilakiti yake, kuti tisangosamutsira vuto kwa munthu wina wosauka kwambiri. Anagwirizana R150 patsiku. Zotsalazo, monga madzi, ketulo, bini, kugula zofunika ndi tiyi wa alendo, zinakhala za sibonda wa sabata. Dzina limeneli anasankha okha, ndipo linathandiza kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa mnyamata ankatha kuuza kasitomala kuti "ndine sibonda sabata ino" ali wonyadira. Kusinthana masabata kunaloledwa, kugula munthu kunaletsedwa. Wa maakaunti asakhale sibonda sabata yoyamba ya mwezi, ndipo opakira akakhala pa usibonda, Lachisanu awagwirire mnzawo. Dzina loyamba pa ndandanda linali la bwana.

Zimene zinatsatira

Kuyambira September mpaka pamene ndinasiya kutsatira nkhaniyi, msonkho sunachedwenso, ndipo malisiti anayamba kugwirizana ndi za ku banki. Mtsikanayo anayamba kudya atakhala pansi. Anyamata awiri aja ndi madala anagwira masabata awo mosavuta.

Mlamu sanasinthe. Sabata yake ikafika, ketulo inkakhala yozizira ndipo bwana ankangogwira okha mwakachetechete, poopa kuyambana ndi a kuchikazi. Nditaona kuti zimenezi ziphetsa dongosolo lonse, ndinavomera kuti mlamuyo achoke pa ndandanda n'kutenga jenereta, petulo ndi bini kwamuyaya. Nditawerenga maola, zinkafanana ndi za anzake. Komabe mpaka lero sindikhutira nazo, chifukwa munthu mmodzi anapatsidwa mwayi wosankha ntchito zomukomera pongokhala m'bale wa bwana, ndipo anyamata aja anaona. Ndikadakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanacheza ndi bwana za mlamuyu paokha tisanaitane msonkhano.

Chinanso chimene sindinachiwerengere ndi mtengo umene mtsikanayo analipira kunja kwa ofesi. Mayi a kunyumba kwa bwana atamva kuti amuna awo anatunga madzi a chimbudzi mwana ali pampando, anakhumudwa. Kwa miyezi ingapo kutchalitchi ankangomupatsa moni wapakamwa. Iye anandiuza kuti usiku wina analira, akudzifunsa ngati anali wosayamika. Pa mabizinesi a akwathu, bwana amakhalanso wokusunga, mkulu wa mpingo, ndi munthu amene amayankhula ndi makolo ako pa foni. Ndikanayenera kupempha bwana kuti akafotokozere okha akazi awo tsiku lomwelo, nkhani isanakafike kudzera mwa mlamu. Anadzachita zimenezo mochedwa, chakumapeto kwa October, ndipo zinthu zinayamba kufewa pang'onopang'ono.

Mayi wolandira makasitomala anabwerera pa tiyi wa alendo mwa kufuna kwake. Anati amakonda kucheza ndi makasitomala ndipo kapu ya tiyi imamuthandiza kutsegula nkhani. Tinalemba zimenezo m'kontilakiti yake monga mbali ya ntchito yolandira alendo, n'kumuchotsera kukagula zinthu kushopu.

Mu December, pamene aliyense amafuna kuti katundu wake akafike kumudzi Khirisimasi isanakwane, dongosolo lonse linagwa kwa masabata atatu. Makapu anadzazanso sinki. Mtsikanayo sanawakhudze, ndipo bwana anawonjezera mayi woyeretsa uja tsiku lachitatu mpaka chaka chitatha.

Ndinapitako komaliza mu February 2024 kukasintha malipiro a onse, poti kuyambira pa 1 March malipiro otsikitsitsa ankakwera kufika pa R27.58. Ndandanda inali itachoka pa filiji, inalembedwa ndi choko pa kabolodi pafupi ndi sikelo, ndipo wolemba anali madala. Sibonda sabata imeneyo anali mnyamata wa ku Randburg uja. Anandifunsa kuti ndimathira masipuni angati a shuga, n'kundibweretsera tiyi m'kapu ya alendo. Mtsikana wa maakaunti anandipatsa moni ali pampando, lula ili pa mzere wake, n'kundipempha kuti ndidikire pang'ono amalize tsamba.